Nyanja ya Tanganyika: madzi amakwela n'kutsika, kutentha kukungokwela

Aliyense amene anatumidwapo kukagula kapenta ku Soweto kapena pa kamsika ka m'komboni amalidziwa funso la amai ogulitsa: "Mufuna wa Mpulungu kapena wa Siavonga?" Ena amati wa Mpulungu ndiye wokoma. Koma awiliwa ndi a pacibale. Makolo a kapenta wa ku Siavonga anatengedwa amoyo m'nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, n'kukathilidwa mu Kariba, pamene damu inali isanakwanitse zaka khumi cimangidwile. Conco ngakhale kuti ulendo wa pa basi kucoka ku Lusaka kukafika ku Mpulungu ndi wa makilomita oposa 1,000, zocitika pa nyanja imeneyo zimatipeza pa mbale ya nsima.

Nyanjayi ndi yaikulu zedi. M'litali ndi makilomita oposa 670, kuya kwake pena kumafika mamita 1,470, ndipo pa dziko lonse ndi Baikal ya ku Russia yokha imene imaiposa pa kuya ndi pa kuculuka kwa madzi opanda mcele. Maiko anayi amagawana nyanjayi: Congo, Tanzania, Burundi ndi Zambia. Ife tili ndi kacigawo kakang'ono ka kum'mwela, kumene kuli Mpulungu ndi Nsumbu.

Pa wailesi tikamakamba za kusintha kwa nyengo, kawili-kawili timaponya mvula ndi kutentha m'thumba limodzi ngati ndi cinthu cimodzi. Mbili ya Tanganyika ya zaka 150 zapitazi imakana zimenezo. Mvula ili ndi mbili yake, ya phokoso, yokwela ndi kutsika, ndipo aliyense amaiona madzi akamulowela m'nyumba. Kutentha kuli ndi mbili yake ina, yacete, imene sioneka ndi maso, koma yakhala ikuyenda njila imodzi osabwelela. Kuti timvetse zonse ziwili, tiyambe ndi caka cimodzi ca pa nyanjapo.

Caka ca ku Mpulungu cimagawika monga cathu. Mvula imayamba ca mu November n'kuleka mu April. Kumpoto, ku Bujumbura, imayamba msanga pang'ono, imapumako pakati, kenako imabwelanso ndi mphamvu mu March ndi April. M'miyezi ya dzinja imeneyi mphepo imacepa, ndipo madzi a pamwamba amafunda mpaka madigili 27 kapena 28. Mu May zinthu zimatembenuka. Mphepo yamphamvu yocokela kum'mwela cakum'mawa imayamba kuomba, ndipo siileka mpaka August kapena September. Ku Mpulungu amaicha kapata, ku Kigoma amati kusi, ndipo ndi mbale wake wa mwela umene asodzi a ku nyanja ya Malawi amaopa. Ndi nyengo yomweyi imene imating'amba milomo kuno m'tauni mu July.

Ganizilani beseni lalitali lodzala madzi, pamwamba ofunda, pansi ozizila. Madzi ofunda ndi opepuka, conco amayandama pamwamba pa ozizilawo ngati mafuta pa msuzi, ndipo sasakanikilana. Mu Tanganyika madzi a pansi, amene amakhala pa madigili 23 ndi kanthu caka conse, alibe okosijeni, moti nsomba sizingakhalemo. Kumpoto okosijeni imathela pafupi-fupi pa mamita 100, kum'mwela imafika ca m'ma 200. Koma madzi akufawo ndiye nkhokwe. Ciliconse cakufa pamwamba cimamila, cimaola, ndipo cakudya ca zomela ca m'menemo cimaunjikana pansi ngati manyowa. Kapata akaomba kwa milungu yambili, amakankhila madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Ku Mpulungu kumatsala mpata, ndipo madzi ozizila a pansi amakwela kudzatseka mpatawo, atanyamula manyowa aja. Ndele zing'ono-zing'ono zimaculuka, tizilombo ta m'madzi timadya ndelezo, kapenta amadya tizilomboto, bukabuka amadya kapenta. Mphepo ikaleka, madzi anaunjikana kumpoto aja amabwelela, ndipo mkati mwa nyanja mumakhala kugwedezeka kopita uku ndi uku kumene ulendo umodzi umatenga pafupi-fupi mwezi. Wasayansi wina, George Coulter, amene anagwila nchito ku Mpulungu m'zaka za m'ma 1960, ndi mmodzi wa amene anafotokoza bwino zimenezi. Mwacidule, kuzizila kwa June ndi July ndiye kumadyetsa nyanja.

Tsopano mbili ya mvula. Mitsinje yambili imathila mu Tanganyika: Ruzizi wocokela ku nyanja ya Kivu, Malagarasi wa ku Tanzania, Lufubu ndi Kalambo a kwathu kuno. Koma wotulutsa madzi ndi umodzi cabe, Lukuga, umene umayambila pa Kalemie ku Congo n'kukathila mu Lualaba. Madzi ambili a nyanjayi sadutsa n'komwe mu Lukuga, amangouluka ngati nthunzi. Ndiye cifukwa cake zaka zingapo za mvula yambili zikatsatizana, nyanja imasunga madziwo ngati munthu wolandila malipilo koma wosagula kanthu, ndipo imatenga zaka kuti itsike.

Azungu oyamba kufika kumeneko anazunguzika ndi funso la kumene madziwa amapita. Burton ndi Speke anafika pa Ujiji mu 1858. Livingstone anafika kum'mwela kwake, m'dziko la Alungu, mu April 1867, ndipo anamva anthu akuicha Liemba. Mu 1871, atakumana ndi Stanley pa Ujiji, awiliwo anapalasa bwato mpaka kumpoto akuyembekeza kuti Ruzizi ndiye amatulutsa madzi kupita ku Nile. Anapeza kuti Ruzizi amalowa, satuluka. Mu 1874 Verney Lovett Cameron anasonyezedwa Lukuga. Mabuku a kusukulu amati "anaupeza", ngati kuti anthu amene anali kuvuula nsomba pamenepo anali asanauone. Cameron anati uwu ndiye mtsinje wotulutsa madzi. Patapita zaka ziwili Stanley anafika pamalo omwewo n'kupeza pakamwa pake patatsekeka ndi mcenga, matope ndi bango, madzi osayenda kweni-kweni.

Onse awili sananame. Mtsinjewo unali utatsekeka kwa nthawi yaitali, ndipo nyanja inali kukwela kuseli kwa citsekoco. Stanley analemba kuti mitengo ya kanjedza imene inali pa msika wa Ujiji mu 1871 anaipeza itaima m'madzi mu 1876. Ca mu 1878 citseko cinaphulika. Edward Hore, woyendetsa zombo wa mishoni ya London Missionary Society, ndiponso Joseph Thomson kumapeto kwa 1879, anaona Lukuga akuthamanga ndi mphamvu. M'zaka zotsatila nyanja inatsika pafupi-fupi mamita 10. Imani pansi pa nyumba ya nsanjika zitatu muyang'ane kumwamba, ndiye mamita 10 amenewo. Madoko anatsala pamtunda, ndipo pamene panali kupita mabwato anthu anayamba kulimapo. Chalichi ca miyala ca Niamkolo, cimene mabwinja ake akali ciimile ku Mpulungu, cinamangidwa mu 1895 ndi 1896, nyanja itatsika kale conco.

Kwa zaka pafupi-fupi 60 zotsatila madzi anali kukwela ndi kutsika pang'ono-pang'ono, ndipo matauni a atsamunda anakula m'mbali mwa nyanja podalila mlingo umenewo. Njanji yocokela ku Dar es Salaam inafika pa Kigoma mu 1914. Albertville, imene lelo ndi Kalemie, inamangidwa pafupi ndi madzi. Kenako kumapeto kwa 1961 kum'mawa kwa Africa kunagwa mvula imene nkhalamba za nthawiyo zinali zisanaonepo, ndipo zaka zotsatila nazonso zinali za mvula yambili. Nyanja ya Victoria inakwela mamita awili ndi theka. Tanganyika inakwela pafupi-fupi mamita atatu, ndipo mu 1964, caka cimene Zambia inalandila ufulu, inafika pafupi ndi mamita 777 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamcele. Madoko a Kalemie, Kigoma ndi Bujumbura anasefukila. Asayansi a masiku ano amagwilizanitsa mvula ya 1961 ndi kufunda kwa madzi a kumadzulo kwa nyanja yamcele ya India, kumene kumakankhila cinyezi ku Africa. Mu 1997 ndi 1998 kufunda kumeneku kunagwilizana ndi El Niño, ndipo nyanja inakwelanso mofulumila. Pofika ca m'ma 2005 inali itatsikanso kwambili moti zombo zinali kuvutika kukoceza.

Zimene zinacitika posacedwapa mumazikumbukila nokha, ngakhale mwina munaona mbali imodzi cabe. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapselela m'minda ya kum'mwela, pakati ndi kum'mawa. Kariba anatsika mpaka malaiti anali kuzima maola 21 pa tsiku m'madela ambili, ndipo ometa tsitsi, owochelela zitsulo ndi ogulitsa mafiliziti anaona zakuda. Miyezi yomweyo Tanganyika inali kumeza nyumba. Inali itayamba kukwela pambuyo pa mvula ya kumapeto kwa 2019, ndipo mu April ndi May 2024 inafikanso pa mlingo uja wa 1964. Ku Burundi anthu oposa 200,000 anakhudzidwa ndi mvula ndi madzi osefukila, tauni ya Gatumba inamila, ndipo ku Uvira ndi ku Kalemie misewu ya m'mbali mwa nyanja inasanduka ya mabwato. El Niño mmodzi yemweyo amaumitsa kum'mwela kwa Africa n'kunyowetsa kum'mawa kwake, ndipo malile a mbali ziwilizi amadutsa ca kumpoto kwa dziko lathu. Dziko limodzi, nyanja ziwili, ina ikuuma ina ikusefukila.

Munthu akakuuzani kuti Tanganyika siinakwelepo conco ndi kale lonse, muuzeni za kanjedza wa pa Ujiji. Mlingo wa 1878 unaposa wa 2024 ndi mamita angapo. Cimene casintha ndi ciwelengelo ca anthu amene amanga pamene madzi amabwelela, ndi mapili amene anametedwa mitengo, moti mvula imene kale inali kulowa m'nthaka tsopano imathamangila ku nyanja pamodzi ndi dothi. Sindikunena kuti kutentha kwa dziko kulibe dzanja pa mvula ya masiku ano. Ndikunena kuti pa nkhani ya mlingo wa madzi, nyanjayi inakwelapo kale n'kutsika, ndipo idzatsikanso.

Za kutentha ndi zina. Mu 1913 wasayansi wa ku Belgium, Louis Stappers, anatsitsa zopimila kutentha m'madzi akuya a Tanganyika n'kulemba manambala. Mngelezi wina, Beauchamp, anapimanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Gulu lalikulu la a ku Belgium linazungulila nyanja yonse mu 1946 ndi 1947. Ena anapima m'ma 1970, ndipo m'ma 1990 nchito ya FAO yothandizidwa ndi dziko la Finland inali ndi malo opimila ku Bujumbura, ku Kigoma ndi ku Mpulungu. Pakati pa maulendo amenewa pali mipata ya zaka zambili imene palibe anatsitsa cingwe m'madzi, cifukwa ca nkhondo, kusowa ndalama, kapena kungoona kuti si nkhani yofunika. Komabe manambala ocepawo atayalidwa pamodzi anaonetsa cinthu cimodzi.

Mu 2003 magulu awili a asayansi anafalitsa zimene anapeza. Gulu la Piet Verburg linaonetsa kuti kuyambila 1913 madzi a pa mamita 100 anafunda ndi digili 0.9, pamene a pansi peni-peni anafunda ndi 0.2 cabe. Mwina mukuseka kuti digili imodzi n'ciani, popeza ku Lusaka m'mawa ndi masana zimasiyana ndi madigili 15. Koma taonani kusiyana kwa manambala awiliwo. Pamwamba pakufunda msanga kuposa pansi, conco pamwamba pakupepukila-pepukila poyelekeza ndi pansi. Mafuta aja a pa msuzi akukhuthala. Ndiponso madzi amene ndi ofunda kale, monga a kuno kotentha, amapepuka kwambili pa digili imodzi kuposa mmene madzi ozizila a ku Ulaya angacitile. Mphepo ya mphamvu yomwe ija imene inali kutha kuvundula nyanja m'nthawi ya Stappers, lelo imavundula pang'ono. Gulu lina, la Catherine O'Reilly, linapeza kuti mphepo ya nyengo yozizila nayonso inali itafooka kuyambila ca m'ma 1970, ndipo linayelekeza kuti ndele zimene nyanja imabala zingakhale zitacepa ndi 20 pelesenti, ndipo nsomba ndi 30 pelesenti.

Ena anafuna kuona kumbuyo kwa 1913, kumene kunalibe wolemba manambala. Pansi pa nyanja matope amagona mosanjikizana caka ndi caka, ndipo amasunga zotsala za tamoyo tating'ono timene thupi lake limasintha malinga ndi kutentha kwa madzi. Mu 2010 Jessica Tierney ndi anzake anabowola matopewo n'kupeza kuti m'zaka 1,500 zapitazo madzi a pamwamba sanafundepo monga mmene anafundila kumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Anapezanso kuti nthawi zonse nyanja ikafunda, ndele zinali kucepa. Mu 2016 Andrew Cohen ndi gulu lake anawelenga mafupa ndi mamba a nsomba m'matope omwewo, ndipo anaona kuti nsomba zinayamba kucepa usodzi wa makampani usanayambe. Anapezanso kuti m'malo amene anapima, pansi pa nyanja pamene pamafika okosijeni, pamene nkhono ndi nsomba za m'miyala zimakhala, panacepa ndi 38 pelesenti kuyambila 1946.

Si onse anavomeleza. Asayansi ena amene anagwila nchito ya FAO ija anatsutsa kuti nsomba zogwidwa m'nyanja yonse zinali kuculuka mpaka m'ma 1990, pamene zinali kufika matani 165,000 mpaka 200,000 pa caka, ndiye zingatheke bwanji kuti nyanja ikufa? Iwo anati cimene cikucepa ndi gawo la msodzi mmodzi-mmodzi, cifukwa asodzi aculuka. Ndipo aculukadi. Usodzi wa maboti akulu-akulu unayambitsidwa ndi Agiriki ku Burundi m'ma 1950, n'kufika ku Mpulungu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960. Kalembela wa 1995 anapeza asodzi pafupi-fupi 45,000 pa nyanja yonse, wa 2011 anapeza pafupi-fupi 95,000. Onjezelani mainjini, nyali zowala kwambili zokopela kapenta usiku, ndi maukonde a udzudzu amene anapelekedwa kuti ateteze ana ku malungo koma akukokolola tiana ta nsomba m'mbali mwa nyanja.

Ine ndimaona kuti mkanganowu umakoma kwa anthu amene akufuna pothawila. Mwini boti amakonda kumva kuti vuto ndi nyengo, cifukwa nyengo ilibe ofesi yoti ingamulipilitse. Maiko olemela amene utsi wawo ndiye wafunditsa dziko angakonde kumva kuti vuto ndi msodzi wa pa Nsumbu ndi ukonde wake. Zoona zake zimapweteka onse awili: manja otapa m'nkhokwe awilikiza kawili pamene nkhokweyo ikulandila zocepa. Ndipo kusiyana kwake n'kwakuti ukonde woipa mungauoche lelo nsomba n'kubwelela m'zaka zocepa, koma madzi akuya conco akafunda palibe boma limene lingawaziziletse.

Pali kanthu kena kokhudza nyengo kamene amalonda amakadziwa bwino kuposa asayansi. Kapenta amagwidwa usiku wamdima, cifukwa mwezi ukawala nyali sizimukopa, ndipo amafunika dzuwa kuti aume. M'dzinja, akagwidwa wambili mitambo n'kuphimba masiku awili, amaola pa mcenga kapena pa thandala asanalowe m'saka. Madzi akakwela monga mu 2024, magombe oyanikilapo amamila. Conco caka ca mvula yambili, cimene mlimi wa ku Mbala angaciyamike, cingathe kukweza mtengo wa meda ya kapenta ku Chawama ngakhale nsomba zili m'madzi.

Maiko anayi aja anasainilana pangano losamalila nyanjayi ku Dar es Salaam pa 12 June 2003, caka comwe cija ca malipoti awili a kutentha, ndipo likulu la bungwe loyang'anila panganolo, Lake Tanganyika Authority, lili ku Bujumbura. Panapita zaka makumi awili kuti cinthu cimene msodzi wamba angacimve m'thumba cicitike. Kuyambila 2023 ndi 2024 maikowa ayamba kutseka usodzi kwa miyezi itatu, kucokela pa 15 May kufika pa 15 August, ngakhale kuti sanayambile pamodzi ndipo asodzi ambili anadandaula kuti adzadya ciani. Masiku amenewo akugwela ndendende m'nyengo ya kapata, pamene madzi ozizila amakwela ku Mpulungu. Lamulolo lingathe kuletsa maboti kuti tiana ta kapenta tikule, koma cakudya ca tianato cidzadalila kuti mphepo ya caka cimeneco yaomba mwamphamvu bwanji, ndi kuti usiku wa June wazizila mokwanila kapena ai.